Kupatsirana kandodo pa 4x100m monga imachitira timu ya Japan

Pa 4x100m, anthu anayi amathamanga mamita 100 aliyense, akupatsirana kandodo. Pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Doha, m'dziko la Qatar, mu 2019, amuna a Japan anakhala achitatu ndi masekondi 37.43. Ku London mu 2017 anakhalanso achitatu. Mphamvu yawo ili pa kupatsirana kandodo.

Woyamba ndi wachitatu agwire ndi dzanja lamanja, athamange cham'kati mwa mpata wawo. Wachiwiri ndi wachinayi agwire ndi lamanzere, cha kunja. Osasinthitsa manja pakati pa ulendo.

Malo opatsirana ndi mamita 30. Wolandira amate tepi pansi kumbuyo kwake, poyamba ayese ndi mapazi ake 25 mpaka 30 kuchokera pomwe waima, kenako azisuntha malinga ndi liwiro la mnzake. Wobwerayo akangoponda patepi, wolandira aliyatse, osachewukanso. Akanyamuka msanga amatuluka m'malowo kandodo kasanafike, timu n'kuchotsedwa. Akachedwa amapanikizana, liwiro n'kutha.

A Japan amapatsira chapansi: wolandira amatsitsa dzanja pafupi ndi chiuno, chikhatho chitayang'ana pansi, mnzake n'kukankhira kandodo m'mwamba. Thupi silipendama. Vuto lake, mbali yogwira imachepa pakupatsirana kulikonse, choncho manja awiriwo azigundana ndithu.

Kandodo kakagwa, atole yemwe wagwetsayo.