Galu akasiya kudya musamadikire kuti muone mawa

Sabata yathayi kunabwera bambo wina ku ofesi yathu ya za ziweto atanyamula kagalu mukatoni ya sopo, atamangirira pa keliyala ya njinga. Ndisanatsegule n'komwe katoniyo fungo linali litandiuza kale, aliyense amene anakumanapo ndi matenda a agalu otchedwa parvo amalidziwa fungo limenelija, chimbudzi chosakanikirana ndi magazi chonunkha ngati nyama yoola. Kagaluko kanali ka miyezi itatu, maso atalowa mkati, nditakoka chikopa cha pakhosi chinangoima chomwecho osabwerera. Ndinafunsa kuti bambo, kayamba liti kameneka? Akuti lachiwiri, apo n'kuti lili lachisanu. Mwakapatsako chani? Akuti Panado theka, kenako kapisozi wa anthu anatsala mnyumba, dzulo anzawo anawauza kuti akamwetse mkaka ndi dzira laliwisi. Nanga katemera? Anangoyang'ana pansi. Tinayesetsa koma kanafa usiku womwewo.

Zinandiwawa chifukwa bambowo kagalu kawo amakakonda ndithu, munthu sungapalase njinga mtunda wonse uja ndi chinthu choti sukuchisamala. Chinawaphera galu ndi masiku atatu aja odikira ndi mankhwala ongomva kwa anzawo. Nde ndati ndilembeko izi, kuti inu amene muli ndi agalu pakhomo muzitha kuona zinthu zisanafike poipa.

Tiyambe ndi parvo yemweyo poti ndi amene akumaliza tiagalu kwambiri. Amakonda kugwira tiana ta masabata 6 mpaka miyezi 6. Kagalu koti dzulo kamasewera lero kangogona, chakudya ayi, kenako kusanza, kenako kutsegula m'mimba kwa magazi kuja. Ndi kachilombo ka vayilasi nde palibe jakisoni amene amakapha, chomwe chimapha galuyo ndi kutha kwa madzi mthupi komanso tizilombo tina timene timalowerera poti matumbo asupuka mkati. N'chifukwa chake adokotala a ziweto amaika dilipi, n'kubaya mankhwala oletsa kusanza ndi ena oteteza ku tizilombo tolowererato, kwinako thupi limalimbana lokha. Kagalu kofika tsiku loyamba kamakhala ndi mwayi waukulu, kofika tsiku lachinayi nthawi zambiri timangoyesa. Ngati muli kutali, sungunulani Thanzi ORS yemwe uja timapatsa ana, tengani sirinji yopanda singano muzikadontheza mkamwa cha m'mbali pang'onopang'ono mphindi zingapo zilizonse, osati kukakhuthulira kapu yonse ayi kasanza basi. Koma izi n'zongokasunga muli panjira yopita kwa adokotala. Mkaka usiyeni, umangoonjezera kutsegulako.

China chomwe anthu sachidziwa n'choti kachilomboka kamakhala mudothi miyezi yambiri olo chaka chathunthu. Nde munthu kagalu kafa lero, mwezi wamawa wagula kena wakaika mukhola lomwelo mbale yomweyo, nako kafa, n'kuyamba kunena kuti pakhomo pano pali wina akundilodzera agalu. Ayi ndithu, ndi dothi lomwelo. Chotsani chimbudzi chonse mukwirire mozama, simenti ndi mbale mutsuke ndi Jik, kapu imodzi ya Jik makapu 30 a madzi, musiye mphindi 10 musanatsukuluze. Padothi Jik sagwira bwino, nde musabweretse kagalu kena kosamaliza katemera kwa miyezi yosachepera 6, chaka bola.

Katemera wake ndi uja amati 5 in 1, amateteza parvo, distemper ndi matenda ena. Woyamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kubwerezanso pakatha masabata atatu kapena anayi aliwonse mpaka kagalu kafike masabata 16. Kubaya kamodzi n'kusiya ndi kumene ambiri amalakwitsa, amati kanabayidwa kale, pomwe chitetezo chomwe kanayamwa kwa make chimatha kusokoneza katemera woyambayo. Ndipo katemera amayenera kukhala mufiriji kapena mu kula bokosi ya ayezi, wina akakutulutsirani kabotolo mthumba la thalauza dzuwa likuswa mtengo mukane, ameneyo ndi madzi chabe. Distemper ndangomutchulayu mumamuona ndi manthongo ambiri m'maso, mamina okhuthala, chifuwa, pena kunsi kwa mapazi kumauma gwa, kenako galu amayamba kunjenjemera mutu kapena mwendo ngati wakhunyu. Nayenso kupewa kwake kwenikweni ndi katemera yemweyo.

Tsopano chiwewe. Apa nde ndikupemphani muwerenge modekha chifukwa nkhaniyi si ya galu yekha, ndi ya ana athu. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse padziko lonse, ambiri ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Munthu kapena galu akangoyamba kuonetsa zizindikiro palibenso chochita, ndi maliro. Ambirife timadziwa chiwewe cholusa chija, galu kuthamanga mwachisawawa, kuluma chilichonse olo mitengo ndi miyala, dovu chuchuchu, kuuwa kwake mawu atasintha. Koma pali mtundu wina wachete umene umandiopsa kwambiri, galu amangofooka, chibwano chapansi chili lende, dovu likutuluka, akulephera kumeza, nde mwini wake amaganiza kuti fupa lamutsamwa n'kupisa dzanja mkamwa kuti alichotse. Chonde chonde musamapise dzanja mkamwa mwa galu wotere. Kachilomboka kali m'malovu, kabala kakang'ono pachala n'kokwanira. Komanso galu wolusa akangosanduka wofatsa modabwitsa, kapena wofatsa kuyamba kuluma eni ake, muzikayikira. Paja akulu anati galu wamkota sakandira pachabe, khalidwe likasintha pali chifukwa.

Wina akalumidwa kapena kukalidwa, choyamba si kuthamangitsa galu ayi, ndi sopo ndi madzi. Tsukani balalo mphindi 15 zathunthu madzi akuyenderera, yang'anani nthawi pafoni chifukwa mphindi 15 ndi zambiri kuposa mmene timaganizira, sopo aliyense olo wochapira zovala. Osathira tsabola, mchere kapena dothi, osawaula ubweya wa galuyo n'kupaka pabala monga ena amachitira, osamanga balalo. Mukatero pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mudziwitsenso alangizi a ziweto a dera lanu. Jakisoni wake ndi angapo masiku osiyana, mumalize onse olo bala litapola, poti matendawa amatha kubisala mwezi umodzi mpaka itatu pena kuposera apo. Galu wolumayo ngati n'kotheka popanda wina kulumidwanso mutsekereni masiku 10 mukumupatsa chakudya ndi madzi, wachiwewe sadutsa masiku amenewa ali bwino. Ngati waphedwa musamutaye kudambo kapena kumusenda, itanani a vetenale kuti mutu ukayezedwe. Ana muziwauza kuti akalumidwa azinena, ambiri amabisa poopa kukwapulidwa kuti amaseweretsa galu wa eni.

Katemera wa chiwewe galu amabayidwa akakwana miyezi 3, kenako chaka ndi chaka, ndipo pa kampeni amabaya ndi tiana tomwe. Agalu 70 pa 100 aliwonse m'dera akabayidwa matendawa amasowa poyenda. Mu 2015 a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies anabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, nde zotheka zimenezi. Cha pa 28 September, tsiku loganizira za chiwewe padziko lonse, kumakhala makampeni m'madera ambiri, tcherani khutu. Ndimamva alenje ena akuti galu akabayidwa amafooka sagwiranso kalulu, ena akuti amasiya kulusa. Bodza limenelo. Ndipo galu wosakayo ndi amene ayenera kuyambirira pamzere, iyeyo ndi amene amakumana ndi nkhandwe kutchire. Kapepala kakatemera kaja musungeni bwino, tsiku lomwe galu wanu adzalume mwana wa aneba kadzakuthandizani kwambiri.

Nyengo yamvula ikafika nkhupakupa zimachuluka. Anthu amaziona ngati zongoyamwa magazi basi koma zimapatsira malungo a nkhupakupa, tizilombo timene timaswa magazi a galu monga malungo amachitira mwa munthu. Galu amatentha thupi, amangogona, sadya, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka. Njira yachidule ndi iyi, kwezani mlomo wakumwamba muone nkhama. Za galu wabwinobwino zimakhala zofiirira, mukadina ndi chala zimayera n'kubwerera msanga. Zikakhala zoyera ngati pepala kapena zachikasu, thamangani naye lero lomwe. Ngati muli ndi themomita, kutentha kwabwino kwa galu ndi madigiri 38 mpaka 39 ndi pang'ono, ikafika 40 pali vuto. Matendawa amachizika bwinobwino akafulumira. Koma ndikuchenjezeni za Berenil, alimi a ng'ombe mumamudziwa, kwa galu mankhwalawa muyezo wake ndi wovuta kwambiri, kupyola pang'ono kapena kubwereza msanga amaononga ubongo galu n'kufa akuzungulira. Galu amayenera kukwera sikelo kaye, abaye ndi amene anaphunzira ntchitoyo.

Kupewa kwake ndi dibi, koma dibi wa galu pa muyezo wa galu, werengani pabotolo. Ndaonapo munthu atasungunula dibi wa ng'ombe mokhathamira ati kuti zife msanga, galu anakomoka pomwepo. Tiana ting'onoting'ono ndi amphaka musawasambitse dibi musanafunse. Musaiwale kupopera khola ndi ming'alu ya khoma, nkhupakupa zimabisala mmenemo, kusambitsa galu n'kumubweza pamalo pomwepo n'kutaya ndalama. Pozichotsa pamanja yang'anani m'makutu, pakhosi ndi pakati pa zala, gwirani pafupi ndi khungu n'kukoka molunjika, muziponye mu parafini osati kuziphwanya ndi zala.

Njoka zam'mimba nde pafupifupi kagalu kalikonse kamabadwa nazo, zimadutsa kuchoka kwa make kasanabadwe komanso mumkaka. Mukaona kamimba kali tuu koma nthiti zikuwerengeka, ubweya uli nyankhalala, ndi zimenezo. Yambani kupereka mankhwala kali ndi masabata awiri, kubwereza masabata awiri aliwonse mpaka miyezi 3, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6, akakula miyezi itatu iliyonse. Tinthu tooneka ngati mpunga pachimbudzi kapena pansi pa mchira ndi njoka ya tapeworm, imabwera galu akameza utitiri, nde muthane ndi utitiriwo apo ayi zibwereranso. Chimbudzi cha galu muziola tsiku ndi tsiku, ana athu amasewera padothi pomwepo opanda nsapato n'kumadya osasamba m'manja, mazira a njokazi amawalowa nawonso.

Za mphere ndinene mwachindunji, oyilo wakuda wochoka mu injini si mankhwala. Ndatopa kuona agalu atapakidwa thupi lonse bii, khungu litapsa, galu akunyambita poizoniyo. Mphere ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaboola khungu, galu amakanda usiku wonse, ubweya umathothoka kuyambira m'mphepete mwa makutu ndi m'zigongono, ndipo mtundu wina umayabwitsa ndi anthu omwe. Jakisoni wa ivermectin kapena dibi woyenera kwa masabata angapo galu amameranso ubweya bwinobwino, bola onse a pakhomopo athandizidwe limodzi ndipo masaka ogonera atenthedwe. Timatuza tokhala ndi kabowo pakati, makamaka pa tiana togona padothi lonyowa ndi mikodzo, mumakhala mphutsi, pakani Vaseline pakabowopo dikirani pang'ono n'kufinya, imatuluka yonse.

Mankhwala a anthu ndawatchula kale koma ndinenenso, Brufen ndi diclofenac amaboola chifu cha galu n'kuononga impso, Panado akachuluka amaononga chiwindi, kwa mphaka nde olo kachidutswa kamapha. Zomupatsa galu chamba kuti aluse zisiyeni, mukungomudwalitsa mutu. Ndipo galu woti amadya bwino madzulo, mwadzidzidzi wayamba thovu kukamwa, kunjenjemera, kutsegula m'mimba, timaso tatsala ngati kadontho, ganizirani tameki, kaya wadya khoswe wophedwa ndi poizoni kaya akuba amuponyera nyama. Apa nkhani ndi ya mphindi, imbani foni kwa adokotala a ziweto muli panjira kuti akonzeretu jakisoni wa atropine, ndipo pomunyamula mukulungeni m'thumba kapena bulangete osagwira kukamwa, poti simungatsimikize kuti si chiwewe.

Chomwe ndimawauza alimi anga ndi choti musankhe tsiku limodzi pa sabata, kaya loweruka mmawa, mukhale naye pansi galu wanu mphindi zisanu. Kwezani mlomo muone nkhama, yang'anani m'maso ndi m'makutu, yendetsani dzanja mosemphana ndi ubweya, kokani chikopa cha pakhosi muone ngati chikubwerera msanga, pitani mukaone kumene amachita chimbudzi. Mukazolowera mmene amaonekera ali bwino simungavutike kudziwa tsiku lomwe zasintha. Chakudyanso chisamangokhala mkute ndi madeya okhaokha, ponyanimoni bonya kapena usipa, madzi abwino azikhala pamthunzi tsiku lonse makamaka kwa galu wapatcheni. Galu wamkulu akakana chakudya tsiku lathunthu imbani foni, kamwana kakadumpha kudya kawiri kokha musadikire kuche. Nambala ya alangizi a ziweto ngati mulibe kaitengeni ku ofesi ya zaulimi ya EPA yanu, a ku Lilongwe kulinso bungwe losamalira nyama la LSPCA, a ku Blantyre la BSPCA, muisunge mufoni lero galu akadali bwino.