Akasiya kupereka ndalama zolerera mwana: zoyenera kuchita ku khoti

Yambani mwaona chimene muli nacho m'manja. Zomwe munagwirizana pamaso pa ankhoswe kapena kwa a nyakwawa ndi zabwino, koma si chigamulo cha khoti, ndipo palibe amene angapite nazo kundende. Ngati chigamulo mulibe, kasumeni kubwalo la milandu ya ana, kapena kwa majisitireti ngati kwanuko kulibe bwalo lotere. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola kholo, womulera mwanayo, wachibale, wa ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ngakhale mwana mwini wake kukadandaula. Zoti munakwatirana kapena ayi sizilowa m'nkhaniyi. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko la Malawi likuti mwana aliyense ayenera kuthandizidwa ndi makolo ake.

Ngati chigamulo chilipo koma ndalama sizikubwera, musakhale chete n'kumayembekeza kuti khoti lidziwa lokha. Silidziwa. Tsiku lolipira likadutsa, bwererani kwa kalaliki wa khoti lomwelo ndi nambala ya mlandu, mupemphe kuti mnzanuyo aitanidwenso.

Apa ndiye pamene ambiri amagwera. Majisitireti akafunsa kuti ngongoleyo yafika zingati, wodandaula amangoti "papita nthawi asakupereka". Winayo n'kutulutsa foni, kuonetsa mameseji awiri a Mpamba kapena Airtel Money, nkhani yasokonekera. Choncho khalani ndi kope, mwezi uliwonse mzere wakewake: zomwe khoti linalamula, zomwe zinabwera, tsiku lake, ndi zotsala. Lembaninso thumba la chimanga kapena yunifolomu imene anabweretsa, chifukwa adzazitchula ndithu, ndipo mukazibisa khoti liyamba kukayika zonse zomwe mwanena. Malisiti a fizi ndi a kuchipatala muwasunge m'kope momwemo.

Kwa munthu wa pa ntchito yolembedwa, pemphani kuti ndalamazo zizidulidwa kumalipiro ake zisanafike m'thumba mwake. Mupereke dzina la kampani ndi komwe ili. Njira imeneyi ndi imene imavuta kuizemba. Wa geni kapena wa kabaza alibe malipiro oti n'kudula, ndiye khoti lingalamule kuti katundu wake alandidwe ndi kugulitsidwa. Koma asherifu sangamufufuzire okha katunduyo. Muwauze ndinu kuti njinga yamoto imagona kuti, nanga okala ili pamsika uti.

Kunyozera chigamulo chotere ndi mlandu. Akapezeka wolakwa koyamba amalamulidwa kulipira, akapitiriza akhoza kukakhala kundende chaka chimodzi. Ganizirani bwino musanaumirire zimenezi, pakuti wa m'ndende salipira fizi.

Wolipirayo akati ntchito inatha, njira yake ndi kukapempha khoti kuti litsitse ndalamazo, osati kungodzisiyira yekha. Inunso mungapemphe kuti zikwere zinthu zikadula. Ndipo musamuletse kuona mwana wake pofuna kumukhaulitsa, zimenezo zimakutembenukirani m'khoti.

Chithandizochi chimatha mwana akakwanitsa zaka 18, koma ngati akadali pasukulu mungapemphe kuti chipitirire. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osowa pa milandu, atanyamula chigamulo chija ndi kope lake.