Kubwerera kuntchito mutadwala bipolar: muwauze abwana kapena ayi?

Bipolar ndi matenda a maganizo amene amamukokera munthu mbali ziwiri. Nthawi ina mphamvu zimasefukira, tulo osabwera, pakamwa osapuma, ndalama kumwazika. Nthawi ina mtima umalemera moti kudzuka kumene kumakanika. Mankhwala akagwira, ntchito imagwirika bwinobwino. Chimene chimaopsa ambiri ndi tsiku lobwerera, makamaka kuno ku Chipata komwe mlonda wa pageti amakhala mlamu wa neba wanu.

Yambirani kuchipatala. Pitani kwa amene amakuonani, kaya pa Chipata Central Hospital kapena pakiliniki ya kwanu, mukapemphe kalata yonena kuti mwakonzeka kugwira ntchito. Apempheni alembe zimene mukufunikira, dzina la matenda alisiye ngati simukufuna lidziwike.

Kenako werengani masiku amene mwakhala kunyumba. Lamulo la Employment Code Act la 2019 limapatsa wolembedwa ntchito yanthawi yaitali miyezi itatu ya tchuthi cha matenda pa malipiro onse, ndi itatu ina pa theka. Ikatha, abwana akhoza kukupumitsani ntchito dokotala akavomereza. Choncho musangokhala chete. Tumizani makalata achipatala nthawi isanathe.

Tsopano funso lalikulu lija. Ine ndikuti uzani munthu mmodzi yekha, amene ali ndi mphamvu yosintha ndondomeko ya ntchito yanu, ndipo muyambe ndi chosowa chanu. Mungati: "Bwana, ndili pa mankhwala a nthawi yaitali. Adokotala akuti ndisamagwire usiku, komanso ndizipita kukaonedwa kamodzi pamwezi." Nthawi zambiri zimenezi zimakwana. Mukatha kulankhula, lembani kalata, ina musunge.

Bwanji osangobisa zonse? Lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012 limaletsa tsankho pantchito ndipo limafuna kuti olemba ntchito akonze zinthu kuti munthu athe kugwira, koma abwana sangakonze chimene sanauzidwe. Mukabisa, tsiku lina n'kudwalira pantchito, nkhani idzafotokozedwa ndi ena, ndipo mawu amene adzatuluke ndi akuti "misala" kapena "anamulodza". Ngati mumayendetsa galimoto kapena makina, kapena mwapatsidwa fomu yachipatala yoti mudzaze, pamenepo nenani zoona zonse. Anzanu a pa tiyi alibe nazo gawo. "Ndinadwala, pano ndili bwino" ndi yankho lokwanira.

Mukayamba ntchito, tetezani tulo kuposa china chilichonse, chifukwa kusagona ndi kumene kumadzutsa matendawa msanga. Mashifiti ausiku, mapemphero ochezera, ngakhale kugona pamaliro: pitani mukapepese, koma mubwerere mukagone. Achibale adzang'ung'udza, asiyeni.

Amene mumamwa mankhwala a bipolar otchedwa lithium, samalani ndi kutentha kwa mu Okutobala, makamaka ogwira ntchito kuchigwa ku Mambwe. Thupi likauma mankhwalawa amachuluka m'magazi, ndiye imwani madzi, ndipo Brufen kapena diclofenac musamwe musanafunse dokotala. Amayi amene ali pa mankhwala ena a bipolar otchedwa valproate ndipo akufuna kutenga pakati akambirane kaye ndi achipatala, asangosiya okha.

Sankhaninso wachibale woti azikuuzani mukayamba kugona pang'ono kapena kutenga kaloba popanda chifukwa. Ndipo mukachotsedwa ntchito mutangoulula, tengani makalata anu onse mupite ku ofesi ya Labour kapena ku yuniyoni yanu sabata lomwelo.