Momwe mungaphunzirire mapale akale opezeka pamtunda

Phale likangochotsedwa pamalo pake popanda kulemba paliponse, latha ntchito, ngakhale likhale lokongola bwanji. Choncho musathamangire kutola.

Yambani ndi chilolezo. M'mayiko ambiri malamulo amateteza zinthu zakale, ndiye pitani kaye ku ofesi yoyang'anira zimenezi komanso kwa mwini malo.

Nthawi yabwino ndi pamene nthaka yangolimidwa kumene, mvula n'kutsuka pamwamba. Mukakhala angapo, yendani m'mizere yowongoka motalikirana mamita 5 kapena 10, maso ali pansi. Mukaona phale, zikani kamtengo pambali pake, jambulani chithunzi mutaikapo rula, ndipo lembani malowo pogwiritsa ntchito GPS ya pafoni. Mukamaliza, tembenukani muone timitengo tija: pamene tadzadzana, mwina panali nyumba kapena dzala.

Si phale lililonse lofunika kunyamula. Lapamimba pa mbiya lopanda chizindikiro silinena zambiri. Sankhani la pamlomo, la pansi pa mbiya, ndi lokhala ndi mizere kapena madontho amene woumba anadinda dongo lisanaume. Thumba lililonse likhale ndi kapepala ka malo ndi tsiku.

Tsukani ndi madzi okha, mosakhula, koma lokhala ndi mwaye kapena zotsalira mkati musalitsuke, chifukwa zimenezo n'zomwe amayeza ku labotale.

Tsopano yang'anitsitsani posweka paja, pakuti m'pamene pali nkhani. Timchenga kapena tizidutswa ta zigoba tikuonetsa zimene woumba anasakaniza m'dongo kuti lisang'ambike pamoto. Kunja kukakhala kofiira koma pakati pakuda, nthawi zambiri ndiye kuti moto sunakhalitse. Sisitaninso mkati ndi chala: mungamve timizere tosonyeza kuti mbiyayo anaiumba posanja nkhata za dongo. Kukula kwa mlomo mungakudziwe poika phale chozondotsa pa pepala lojambulidwa mizere yozungulira, n'kuona mzere umene likugwirizana nawo.

Pa zaka ndi pamene ambiri amapupuluma. Flinders Petrie, katswiri wofukula zinthu zakale, mu 1899 anasanja manda a ku Egypt kuyambira akale kwambiri poona mmene kaumbidwe ka mbiya kankasinthira, koma iye anali ndi mbiya zopezeka pamodzi m'manda. Pamtunda si choncho. Khasu, chiswe ndi madzi othamanga zimasakaniza mapale osiyana zaka mazanamazana. Yerekezerani anuwo ndi amene anafukulidwa m'nthaka ndipo zaka zake zinayezedwa kale, kenako mulembe mu lipoti kuti zaka zanuzo ndi zongoyerekeza mpaka malowo atafukulidwa.