Lembani ndi zomwe mwachita mutatsika panjinga

Opalasa njinga ambiri amasunga bwino manambala a ulendo uliwonse, koma tsiku lomwe athamanga, asambira kapena anyamula zitsulo, m'kope simulembedwa kanthu, ngati anangogona tsiku lonse. Chikhalirecho miyendo yomwe yanyamula zitsuloyo ndi yomweyo ipalase mawa.

Amene mumagwiritsa ntchito TrainingPeaks, pulogalamu yosungira manambala a masewera olimbitsa thupi, mukuidziwa TSS, muyeso wa kulemera kwa ntchito ya ulendo uliwonse, womwe anakonza katswiri wa sayansi ya masewera Andrew Coggan: kupalasa ola lathunthu pa FTP yanu (mphamvu yaikulu yomwe mungathe kupalasa nayo kwa pafupifupi ola limodzi osafooka) kumapereka mapointi 100. Kuchokera pa mapointiwa, pulogalamuyo imayerekeza kutopa kwanu poyang'ana kwambiri masiku 7 apitawa, ndi kulimba kwanu poyang'ana masiku 42. Mukathamanga mphindi 40 Lachitatu osalemba, nambala ya kutopa imatsika pomwe ntchafu zili zolemera. Lachinayi mumakhulupirira nambalayo, n'kukadzipanikiza pachitunda thupi lisanapume. Kuvulala ndi kufooka kwa milungu ingapo kumayamba chonchi.

Njira imene ndimalangiza siifuna chida chilichonse, ndipo amene anaitchukitsa ndi Carl Foster, katswiri wa sayansi ya masewera. Pakapita mphindi ngati 30 mutamaliza, dzifunseni kuti ntchito yonseyo inali yolemera bwanji, kuyambira 0 mpaka 10, kenako muchulukitse yankholo ndi mphindi zomwe munatha. Zitsulo za mphindi 45 pa 7 zimapereka 315. Kupalasa kofatsa kwa mphindi 90 pa 4 kumapereka 360. Mwaona kuyandikana kwake? Chitani izi ngakhale pa maulendo a panjinga kuti zonse zikhale pa muyeso umodzi, ndipo manambala amenewa musawaphatikize ndi TSS, chifukwa ndi miyeso iwiri yosiyana.

Wotchi yoyeza kugunda kwa mtima imathandiza pothamanga, bola muyike malire a kugunda kwa mtima a pothamanga padera ndi a popalasa, popeza kwa anthu ambiri mtima umagunda mofulumirirapo pothamanga kuposa popalasa. Koma pa zitsulo musaidalire. Mumanyamula pang'ono, n'kupuma, mtima n'kukhazikika, wotchi n'kulemba kanambala kochepa, pamene minofu yagwira ntchito yaikulu. Ululu wake umafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, ndipo kuthamanga motsetsereka nako kumachita chimodzimodzi, makamaka kwa munthu amene miyendo yake inazolowera mapedulo okha.

Chinanso chomwe chimandidetsa nkhawa ndi kudzinamiza. Mapointi a kusambira akalowa m'chiwerengero cha masiku 42, nambala ya kulimba imakwera, munthu n'kumaganiza kuti walimba panjinga. Kutopa kumawunjikana ndithu, koma mphamvu ya pamapedulo imabwera makamaka ndi kupalasa. Choncho gawani tsamba pawiri: mbali imodzi muzilemba zonse kuti mudziwe tsiku lopuma, inayo ya njinga yokha kuti muone ngati mwakonzekera mpikisano. Tsiku lopalasa mwamphamvu litalikirane masiku awiri ndi tsiku la zitsulo zolemera za miyendo, kapena muchite zonse tsiku limodzi, kuyambira ndi njinga, mawa lake n'kupuma.