Mmene mungathandizire agogo kuphunzira kuwerenga atakalamba

Musanagule kope kapena pensulo, pitani nawo kaye akayezetse maso. Aliyense wondifunsa mmene ndinaphunzitsira agogo anga kuwerenga ali ndi zaka zopitirira 70 ndimamuyankha zimenezi poyamba. Munthu akapyola zaka 40, diso limayamba kuvutika kuona zinthu zapafupi, ndipo vutoli limakulirakulira mpaka m'zaka za m'ma 60. Wodziwa kuwerenga amazindikira msanga chifukwa amayamba kutalikitsa pepala. Amene sanawerengepo alibe poyerekezera. Akaona e ndi c zikufanana, amangoti mutu wawo ndi wouma, basi n'kugwa ulesi. Magalasi owerengera amakhala ndi nambala yosonyeza mphamvu yake, monga +1.50, +2.00 kapena +2.50, ndipo woyeza maso ndiye angakuuzeni oyenera. Ngati akudandaula kuti akuona ngati kuli chifunga, kapena kuwala kukuwathobwa m'maso, mwina ndi ng'ala, ndipo imeneyo imafuna opaleshoni, magalasi sathandiza. Makutunso musawaiwale. Ukalamba umayamba ndi kubisa timamvekedwe topyapyala ngati ta s ndi f, choncho muzikhala moyang'anizana nawo kuti aziona milomo yanu, muziyankhula modekha osakuwa.

Zikatero, afunseni chimene iwo akufuna kuwerenga. Ine ndinati, "Agogo, mutadzuka mawa mukudziwa kuwerenga, mungayambe ndi chiyani?" Buku sanalitchule n'komwe. Anati atopa kudinda chala pamene anzawo akusaina, komanso akufuna aziwerenga okha mauthenga a pafoni ochokera kwa mwana wawo, popanda mdzukulu kumva nawo nkhani za akuluakulu. Yankho lotere ndilo limakuuzani poyambira. Paulo Freire, mphunzitsi wa ku Brazil, anachita zofanana ndi izi ku Angicos mu 1963 pamene gulu lake linaphunzitsa anthu akuluakulu pafupifupi 300 pa maola okwana 40. Ankayamba amvetsera kaye mawu amene anthuwo amayankhula tsiku ndi tsiku, kusankhapo ochepa, kenako kuwaduladula m'maphatikizo. Muwaphunzitse m'chilankhulo chimene amayankhula pakhomo. China chidzabwera pambuyo ngati atachifuna.

Mawu oyamba akhale dzina lawo. Lilembeni pa katoni ndi cholembera chakuda chonenepa, lembo lililonse lotalika ngati chala chachikulu. Aziliona, azilitsatira ndi chala, mpaka athe kulitola pakati pa mayina ena atatu kapena anayi a anthu a m'banjamo. Apa sakuwerenga kwenikweni, akungoloweza maonekedwe ake, koma palibe vuto. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akuopa pepala ayenera kupambana kena kake tsiku loyamba lomwe.

Tsopano ntchito yeniyeni. Nyimbo ya alifabeti isiyeni, siwathandiza kanthu, chifukwa dzina la lembo ndi mamvekedwe ake m'mawu n'zosiyana. Yambani ndi a, e, i, o, u. Zikakhazikika, tengani lembo limodzi, tinene m, mupange ma, me, mi, mo, mu, phatikizo lililonse pa kakhadi kakekake. Tsiku lina onjezani t: ta, te, ti, to, tu. Timakhadi khumi timeneti tikukwanira kale kupanga moto, mutu, tuma, tema ndi mame. Tiyaleni patebulo, mutchule mawu, iwo afunefune timakhadi take n'kutiika pamodzi. Kenako musinthane: inu muyale, iwo awerenge. Agogo anga atayala te ndi ma, ndinawapempha kuti aike me ndi ta pansi pake. Anayang'ana nthawi yaitali, milomo ikugwedera, kenako anaseka n'kumenya tebulo: "Iwe, ndiye kutema ndi kumeta n'zoyandikana chonchi?" Kuyambira tsiku limenelo anasiya kulota mawu, anayamba kuyang'ana phatikizo lililonse palokha. Nthawi imeneyi ndi imene muyenera kuidikira, ndipo siifulumizidwa.

Muzionjeza lembo limodzi kapena awiri pa mlungu, monga n, l, k, s, ndipo musankhe opezeka m'dzina lawo ndi m'mayina a ana awo. Maphatikizo olemera ngati nda, mba, nkha, ntcha ndi ng'a adikire mpaka osavutawa atapsa. Ndiponso b ndi d musawaphunzitse mlungu umodzi, chimodzimodzi p ndi q, kapena n ndi u. Kusokoneza malembo amenewa sikusonyeza kuti munthu wayamba kuiwalaiwala. Ubongo unazolowera kuti kapu ndi kapu, kaya chogwirira chili kumanja kaya kumanzere, ndiye pamafunika nthawi kuti uvomereze kuti pa malembo mbali imene mimba yaloza ili ndi tanthauzo. Mu 2010 Stanislas Dehaene wa ku France ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atajambula ubongo wa anthu a ku Brazil ndi ku Portugal, ena osadziwa kuwerenga, ena ophunzira ali ana, ena ophunzira atakula. Mwa ophunzira atakulawo, kachigawo kozindikira malembo ka kumanzere kwa ubongo kanali katayamba kugwira ntchito yake ngati mwa ophunzira ali ana aja. Chimene chimavuta ndi liwiro. Ambiri ophunzira mochedwa amawerenga pang'onopang'ono moyo wawo wonse, ndipo ndi bwino inu muvomereze zimenezi msanga kuti musamawapanikize.

Za nthawi sindichulutsa. Mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse, mmawa mutu usanatope, pamalo owala bwino, zimaposa maola awiri kamodzi pa mlungu. Muziyamba ndi zadzulo. Akaiwala zonse, yambiraninso ngati palibe chachitika.

Kulemba kumafuna chisamaliro china. Dzanja limene lagwira ntchito zolemetsa zaka zambiri limafinya pensulo mwamphamvu mpaka kuboola pepala, ndipo ngati pali nyamakazi, zala zimawawa msanga. Kulungani kansalu kapena tepi pa pensulo kuti inenepe. Jambulani nokha mizere yotalikirana pa pepala loyera. Ayambe ajambula lembolo ndi chala patebulo, lalikulu, kenako papepala. Mzere umodzi wa dzina lawo pa tsiku ndi wokwanira.

Koma chimene ndaona chikugonjetsa okalamba ambiri ndi manyazi. Munthu amene analera ana, amene achibale amabwera kwa iye kudzafunsa nzeru, wakhala pansi kuti mdzukulu amuuze kuti walakwitsa. Zimenezi n'zolemera kuposa mmene ife achinyamata timaganizira. Choncho tsekani chitseko, ana asaonerere, alendo akabwera timakhadi tibisike pokhapokha eni ake atafuna kuonetsa. Cholembera chofiira chisapezeke. Musawaombere m'manja ngati kamwana, ndipo mabuku a tiana musawapatse. Akakakamira pa mawu, musawalande pakamwa. Khalani chete pang'ono, kenako munene kuti, "Tiyeni tione loyambali, agogo, likuti chiyani?" Anthu amakonda kutchula Kimani Maruge wa ku Kenya, amene analowa sukulu ya pulaimale ku Eldoret mu 2004 ali ndi zaka 84, dziko lake litangochotsa fizi mu 2003. Nkhani yake mukhoza kuwauza kamodzi kuti adziwe kuti si iwo okha. Musaisandutse ndodo yowakwapulira. Ndi ochepa angalimbe mtima kukhala pa desiki pakati pa ana, ndipo palibe chifukwa choti agogo anu akhale mmodzi wa iwo.

Akafika podziwa maphatikizo ambiri, buku labwino kwambiri mulemba ndinu. Apempheni akufotokozereni kanthu, kaya mmene anakumanirana ndi amuna awo, kaya kubadwa kwa mwana wawo woyamba. Lembani ziganizo zitatu ndendende mmene ayankhulira, osakonza, m'malembo akuluakulu bwino. Werengani inu kaye chala chikuyenda pansi pa mawu, kenako muwerengere limodzi, pomaliza okha. Popeza nkhaniyo ndi yawo, amadziwa kumene ikupita, ndipo mphamvu zonse zimathera pa malembo. Masamba amenewa muziwasunga pamodzi kuti aziwabwereza inu kulibe.

Pafoni, kulitsani malembo mpaka pamapeto, ndipo muuze achibale kuti azitumiza uthenga waufupi tsiku lililonse, mawu athunthu opanda chidule. "Mwadzuka bwanji, amayi?" ndi phunziro lokwanira tsiku limenelo.

Pa zinthu ziwiri musawasiye okha msanga. Choyamba ndi mankhwala: aziwerenga okha zolembedwa pa botolo, koma inu muzitsimikizira kuchuluka kwake ndi nthawi yomwera, chifukwa kusokoneza 1 ndi 7 pamenepa si nkhani yoseka. Chachiwiri ndi mapepala ofuna siginecha. Kusaina amakudziwa miyezi yambiri asanathe kuwerenga tsamba lonse, ndipo munthu wachinyengo akhoza kupezerapo mwayi pa chimwemwe chawocho. Gwirizanani nawo kuti pepala lililonse lokhudza ndalama, ngongole, nyumba kapena malo, munthu amene amamukhulupirira aziwawerengera lonse mokweza asanagwire cholembera.