Mmene mungaphunzitsire makochi a matimu a ana ku Salima kuteteza osewera ku nkhanza

Makochi ambiri a matimu a ana, kuyambira ku Khombedza mpaka ku Chipoka, ndi anthu ongodzipereka: mphunzitsi wa pulayimale, mnyamata amene ankasewera kale, mayi wokonda ntchemberembaye. Mpira amaudziwa, koma ambiri sanauzidwepo chochita mwana akanena kuti wina wamugwira posayenera.

Maphunziro ake safuna hotela ya ku Senga Bay. Kalasi imodzi, masiku awiri, choko ndi makochi osapitirira 20 n'zokwanira. Akachuluka, olankhula amakhala atatu okha, enawo amangodikira alawansi. Itanani wa ku ofesi ya Social Welfare, wapolisi wa ku Victim Support Unit ndi mayi wa mother group, kuti makochi awadziwe nkhope vuto lisanagwe.

Tsiku loyamba musayambe ndi malamulo. Afunseni makochiwo zilango ndi chipongwe chomwe amaona pabwalo, inu muzilemba pabolodi. Atchula kukwapula, kutukwana, kuthamangitsa mwana padzuwa, kumumana madzi, akuluakulu kuchapitsa majezi ana atsopano, ndi maina onyoza opatsidwa kwa mwana wachialubino, wachibwibwi kapena wa chipembedzo china. Wina adzanena ndithu kuti umu ndi mmene mwana amalimbira. Musakangane naye, mufotokozereni zomwe zimachitika m'thupi. Kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala ndi Novembala, mwana womanidwa madzi amachita chizungulire ndipo atha kukomoka. Ana azimwa madzi mphindi 15 kapena 20 zilizonse, kaya alakwa kaya sanalakwe. Chilango choyenera ndi kumukhazika panja mphindi zisanu atauzidwa chomwe walakwa. Tchulaninso za mphini zokhwimitsira timu: lezala limodzi kutemera ana khumi ndi njira ya HIV ndi matenda a chiwindi.

Lamulo linenedwe mwachidule. Kuyambira 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo palinso lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 lomuteteza. Mtsikana wa zaka 17 ndi mwana ngakhale atakula thupi. Zoti "anavomera yekha" pano palibe.

Nthawi yambiri muithere pa mmene wogwiririra amayambira, chifukwa sayamba ndi nkhanza. Amasankha mwana wosowa, mwina amene bambo ake amakhalitsa kunyanja kokapha nsomba. Amamugulira nsapato, bando, chipisi. Amamulonjeza malo m'timu yoyamba kapena kukamuonetsa ku timu yaikulu ku Lilongwe. Kenako amamukweza panjinga madzulo, n'kuyamba kumuuza kuti "izi ndi za awirife". Makolo amamuyamika, ndiye mwanayo akadzafuna kuulula amaopa kuti palibe amukhulupirire. Choncho malamulo a timu atseke mipata imeneyi. Kochi asakhale yekha ndi mwana pamalo obisika, ndipo kunyumba kwa kochi si kochitira zokambirana. Mauthenga azipita pa gulu la WhatsApp la makolo, osati pa foni ya mwana. Mphatso zizidzera ku komiti poyera. Ana akamavala majezi, akulu atuluke ndipo foni zisajambule. Mwana akavulala pantchafu kapena pachifuwa, womuthandiza apemphe kaye, pakhalenso wamkulu wina, makamaka mayi ngati ndi mtsikana.

Maulendo a ku bonanza ndiye ovuta kwambiri. Kholo lisayine chilolezo, maina alembedwe m'kope ponyamuka ndi pobwera, ndipo pakhale akulu awiri pa ana 15. Mukagona pasukulu, anyamata kalasi yawo, atsikana yawo pamodzi ndi amayi awiri. Nyamukani msanga kuti lole isakatsitse ana pamsewu wa M5 kutada, wina n'kutsala yekha ndi wakabaza.

Tsiku lachiwiri ndi la sewero. Makochi akhale awiriawiri, wina mwana, wina kochi, kenako asinthane. Zolakwa zimatuluka zomwezomwezo: kufunsa mafunso ngati wapolisi, kunena kuti "bwanji sunakuwe?", kulonjeza kusunga chinsinsi, ndi kuthamangira kukakumana ndi wotchulidwayo. Kuthamangirako kumapatsa munthuyo mpata woopseza mwana kapena kuthawa. Kochi angomvetsera, amuuze mwanayo kuti wachita bwino kunena ndipo si kulakwa kwake, amuuzenso kuti nkhaniyi ayenera kuipereka kwa anthu othandiza. Akatero alembe tsiku, nthawi ndi mawu enieni a mwanayo, osawakonza.

Ngati mwana wagwiriridwa, kochi apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo kufulumira kumathandiza. Ngati n'kotheka asasambe, zovala zisachapidwe, koma ngakhale atasamba apitebe. Nkhani ikafike ku Victim Support Unit kapena ku Social Welfare, ndipo nambala ya foni ya 116 yothandizira ana ndi yaulere. Milandu yotere siyothera pabwalo la amfumu ndi mbuzi kapena chindapusa.

Musanabalalike, timu iliyonse isankhe munthu wolandira madandaulo amene si kochi kapena m'bale wake, ndipo ana amudziwe dzina. Zolemba za madandaulo azisunga iyeyo, osati m'kope la timu lomwe aliyense amatsegula. Kochi aliyense asayine malamulowo, awerengedwenso mokweza pamaso pa makolo ndi ana. Pakatha miyezi itatu, pitani kubwalo osanena, mutengere ana angapo pambali pamodzi ndi mayi wa mother group, muwafunse kuti wina atawachitira zoipa angakauze ndani. Akalephera kutchula dzina, bwerezani gawo limenelo ndi timu yonse sabata yomweyo.